Abu Laith ndi Uthenga Umene Unaima Panjira

Malemu Dokotala Zuhair Atallah, amene tonse tinazolowera kuwatchula Abu Laith potengera dzina la mwana wawo woyamba, anabadwa pa 14 Malichi 1968 m'mudzi mwathu muno, kumapiri a Tafila. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi a malemu Haji Atallah ndi malemu mayi Fidda. Ine ndaima pamaso panu ndine Nayef, mng'ono wawo wopondana nawo. Akuluakulu a banja andituma kuti ndiwerenge mbiriyi. A shehe, akuluakulu a mafuko, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, mundipirire, chifukwa muli ndime zina zimene pakamwa pakulemera kuzitchula.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1974. Akaweruka ankapita kukadyetsa mbuzi kuseri kwa minda ya azitona ngati mwana aliyense wa kuno, kungoti mbuzi zawo zinkalowa m'minda ya eni kawirikawiri, iwo ali kalikiliki kujambula pansi ndi kamtengo. Anamaliza sekondale mu 1986 atakhoza kuposa onse m'chigawo chathu, ndipo anapita ku Irbid kukaphunzira za makompyuta. Atatenga digiri mu 1990 anaphunzitsa kusekondale ku Ma'an. Pa 5 Ogasiti 1994 anamanga banja ndi mayi Tahani a ku Karak, amene akhala nawo pa mtendere ndi pa mavuto mpaka dzulo.

Mu 2002 boma linawatumiza ku Malaysia kukapitiriza maphunziro, ndipo anabwerako mu 2006 ali Dokotala. Anayamba kuphunzitsa payunivesite ina kumwera kuno. Ntchito yawo inali pawiri. Yoyamba inali imene ankaitcha mapu a maganizo. Ankati munthu asanapange chinthu, ayambe walemba ganizo lililonse m'kabwalo kake, kenako alumikize timabwaloto ndi mizere yosonyeza kuti ichi chimabala ichi, ichi chimadalira icho. Pamene mzere wasowa, ankati, pamenepo ndi pamene munthu sanamvetse. Anaphunzitsa njirayi kwa ophunzira ambirimbiri, ndipo ngakhale kunyumba sankaisiya. Pokonza ukwati wa mlongo wathu anajambula timabwalo pakhoma la khitchini, mayi athu n'kuwafunsa kuti, "Zaka zonsezi kunja, iwe wabwerako ndi mazira ojambula basi?" Malemu anaseka mpaka misozi, ndipo dzina la mazira a Zuhair linakhala m'banjamu.

Ntchito yachiwiri ndiyo inawatchukitsa. Nonse mukudziwa kuti munthu akatsikira m'zigwa zathu zakuyazi foni imafa, chifukwa nsanja za mafoni zili kutali kuseri kwa mapiri. Malemu ndi ophunzira awo anapanga pulogalamu yoti mafoni azilankhulana okhaokha popanda nsanja. Uthenga unkachoka pa foni ya munthu mmodzi kupita pa ya mnzake wapafupi, iyonso n'kupatsira ina, monga momwe amisiri amapatsirana njerwa, mpaka ufike kwa mwini wake. Anaitcha Unyolo. Chovuta chake chinali chakuti anthu sakhala malo amodzi. Wapakati akasuntha, njira imaduka ndipo mafoni ayenera kufuna ina. Pa zimenezi malemu analemba zambiri, ndipo anaitanidwa kukalankhula ku Tunis, ku Istanbul ndi kwina.

Mwa ophunzira awo, amene ankamukonda kwambiri anali Muhannad, mwana wa Haji Salameh a mudzi wa kutsidya. Muhannad anali bambo wa mwana mmodzi, ankachita digiri yachiwiri, komanso anali m'gulu la anyamata odzipereka amene amapulumutsa anthu madzi akasefukira m'zigwa.

M'chaka cha 2014 bungwe lina lothandiza pa ngozi linamva za Unyolo ndipo linaufuna mvula isanayambe. Nkhani itafika kumudzi, banja lathu linanyada mopitirira. Tinauza aliyense, tinamanga tenti, tinasankha nkhosa zophera alendo. Koma ntchitoyo inali isanathe. Pa mapu amene anali pakhoma la ofesi ya malemu panali mzere umodzi wolekezera panjira. Foni inkauza mwini wake kuti uthenga wapita, koma sinkamuuza ngati uthengawo waima pakati. Muhannad anauloza mzerewo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, uwu sukufika paliponse." Malemu anavomera, nati adzaukonza mwambo wopereka Unyolo kwa bungwelo ukadutsa. Anauzanso mayi Tahani kuti mtima wawo sukukhazikika, ndi kuti akanakonda atapatsidwa chaka china.

Pa tsiku la mwambo, mkulu wa bungwelo anawafunsa pamaso pa khamu ngati chidacho chakonzeka kuti anthu achidalire. Malemu anayang'ana mizere ya alendo, anayang'ana achimwene athu aakulu atavala mikanjo yawo ya paphwando, ndipo anayankha kuti chakonzeka. Tinawomba m'manja. Ambiri amene muli muno munadya nafe mpunga ndi nkhosa tsiku limenelo.

Pa 21 Novembala chaka chomwecho, masana dzuwa likuwala kuchigwa, kumapiri kunagwa mvula yamphamvu. Gulu la Muhannad linali m'chigwa chopapatiza likutulutsa alendo amene anapita kukayenda. Mawayilesi aakulu olankhulirana anali atawasiya m'galimoto poona kuti ndi olemera ndipo Unyolo ulipo. Mnzawo amene anaikidwa pamwamba anaona madzi akubwera, natumiza chenjezo. Foni yake inamuuza kuti uthenga wapita, iye n'kukhazika mtima pansi. Koma mnyamata amene anaima pakati kuti foni yake ipatsire uthenga anali atakhotera kuseri kwa thanthwe kukathandiza mayi wina amene anabinya mwendo, ndipo uthenga unathera pamenepo. Muhannad anamva mkokomo madzi ali pafupi. Anakankhira alendo otsala pamwamba pa miyala, onse anapulumuka, koma iye madzi anamutenga. Anamupeza mawa lake kumunsi kwa chigwa.

Akuluakulu, nkhani imeneyi palibe amene sakuidziwa, ndipo ena anandilangiza kuti ndiidumphe lero. Ndikanaidumpha mukanaiwerenga nokha pa nkhope zathu.

Kutabwera ofufuza, a bungwe anafuna kuti mlandu ugwere mnyamata amene anachoka pamalo pake. Akuluakulu a banja anakhazika malemu pansi n'kuwauza kuti imfa ndi ya Mulungu, asatsegule pakamwa, asagwetse dzina la bambo athu. Koma malemu atafika pamaso pa ofufuzawo anaimirira n'kunena kuti, "Mnyamatayo musiyeni. Ine ndinkadziwa kuti chidachi chikhoza kukhala chete uthenga utatayika, ndipo ndinanena kuti chakonzeka." Anatulutsa mapu aja n'kuwaonetsa pamene mzere unalekezera.

Zimene zinatsatira zinali zowawa. Malemu anatula pansi udindo wawo mu Januwale 2015 nabwerera kuno kumudzi. Abale ena anasiya kuwapatsa moni, osati chifukwa cha imfa ya Muhannad, koma chifukwa anaulula. Kumsika anyamata ankawakuwiza akamadutsa, ati, "Dokotala, uthenga wafika?" Iwo ankangowerama n'kumapita. Banja limene linafunsira mwana wawo Rand linabweza mawu. Kumzikiti anasiya mzere wakutsogolo umene bambo athu ankaimapo, n'kumakaima kumbuyo pafupi ndi nsapato. Munthu amene ankadzaza nyumba ndi phwete anayamba kudya yekha, ndipo kuukwati sankapitanso. Ife amene tinawaombera m'manja pa tsiku la mwambo tinali chete pamene ankanyozedwa, ndipo manyazi amenewo tikuwasenza mpaka lero.

M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho akuluakulu a mafuko awiri anakonza zoti tikapepese kwa Haji Salameh monga mwa mwambo. Tinapita gulu, khofi anathiridwa, mawu analankhulidwa. Haji anavomera mtendere pakati pa mabanja ndipo anakana chipepeso chilichonse. Koma malemu atayandikira kuti apsompsone mutu wawo, Haji anabweza nkhope nati, "Ndi banja lanu ndilibe mlandu. Koma iwe, Zuhair, mwana wanga anakuuza. Usadzandiyang'anenso m'maso." Malemu anamvera. Kuyambira pamenepo akaona Haji panjira ankapatuka n'kudzera kuminda.

Zaka zotsatira anazithera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Tinkaganiza kuti angodzitsekera ndi chisoni, koma anali akugwira ntchito. Anaukonza Unyolo kuti uthenga ukaima panjira, foni ya wotumiza izilira mosalekeza mpaka munthuyo atadziwa kuti ayenera kuthamanga kapena kukuwa. Ankapita okha kuzigwa ndi mafoni akale m'thumba, n'kumawaika pamiyala, kuyesa ndi kuyesanso. Mu 2019 anapereka ntchito yonse kwa ofufuza achinyamata a ku Irbid, ndi pempho lakuti dzina lawo lisalembedwepo. Anawapatsanso mapu a ngozi ija, ojambula bwino kuyambira pa tsiku la mwambo mpaka pa thanthwe, kuti aziphunzitsira. Kabwalo kena pa mapuwo analembamo kuti, mphunzitsi anaopa kuchita manyazi pamaso pa abale ake. Achinyamatawo anapempha kuti kabwalo kameneko kachotsedwe, koma malemu anakana, nati popanda iko mapuwo ndi abodza. Atipatsa uthenga kuti mpaka pano ophunzira amawaona momwemo.

Malemu anayamba kudwala mu Okutobala 2023. Poyamba ankati ndi chifuwa cha fumbi, ndipo anachedwa kupita kuchipatala ngakhale mayi Tahani ankawakakamiza. Atapita ku Amman madokotala anapeza khansa ya m'mapapo itafalikira kale. Analandira chithandizo miyezi ingapo, kenako anapempha kubwerera kwawo. Sanadandaule za ululu. Chimene ankafunsa kawirikawiri chinali chakuti mwana wa Muhannad akuchita bwanji kusukulu. Laith atawafunsa ngati apite kukaitana Haji Salameh, anakana, nati munthu wamkulu asakakamizidwe kukhululuka chifukwa choti wina ali pa mphasa ya imfa. Anatisiya dzulo, pa 9 Meyi 2024, dzuwa litangotuluka, ali m'manja mwa akazi awo, atatchula dzina la Mulungu. Anali ndi zaka 56.

Malemu asiya akazi awo mayi Tahani, ana atatu, Laith, Rand ndi Sawsan, zidzukulu ziwiri, abale aamuna atatu ndi alongo awiri.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira ku Amman ndi kuno. Ndikuthokoza a shehe potitsogolera pa swala, pemphero la maliro, anyamata amene anakumba manda m'nthaka yamiyala ija, ndi anansi amene atiphikira chakudya kuti m'nyumba ya maliro musayake moto. Ndikuthokoza ofufuza a ku Irbid amene ayenda ulendo wautali, pamodzi ndi ophunzira akale a malemu. Achibale a ku Karak, mwatigwira dzanja pamene ife eni ake tinalobodoka, Mulungu akubwezereni.

Pomaliza ndithokoze Haji Salameh. Sitinawatumire uthenga wa maliro, chifukwa tinalibe nkhope yowatumira. Koma pamene tinkatuluka mumzikiti dzulo masana tinawapeza ataima pachipata ndi ndodo yawo. Anapatsa ndodoyo mdzukulu wawo, nalowetsa phewa pansi pa jeneza, chonyamulira maliro, kutsogolo kudzanja lamanja, ndipo sanalole kulandiridwa mpaka kumanda. Nditapita kukawathokoza anandigwira mkono nati, "Usandithokoze, Nayef. Mtima wanga sunapole, ndipo sindikudziwa ngati udzapola. Koma mwa anthu onse amene anali m'tenti ija, amene ananena zoona za mwana wanga ndi uyu yekha. Sindikanalola kuti anyamulidwe ndi inu nokha."

Haji, mwanena zoona, ndipo banja lamva.

Tinachokera kwa Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Mwini chifundo awakhululukire achimwene athu Zuhair, awakulitsire manda awo, ndipo awagoneke mu mtendere umene pansi pano unawasowa. Achitire chifundo Muhannad mwana wa Haji Salameh. Nafenso otsala atikhululukire.