Makutu atandikana, injini inalankhula pa kagalasi

Moni okondedwa mwa Ambuye, monile mose. Ndine Zimba, makanika wa pa boma la Lundazi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni zomwe zinandichitikila makutu anga atayamba kugontha.

Kuyambila unyamata ndinkadziwa matenda a galimoto pongomvetsela kulila kwa injini. Makutu atayamba kufa, ndinabisila aliyense, ngakhale mkazi wanga. Munthu akamalankhula ndinkangogwedeza mutu.

Tsiku lina amayi Phili, anamwino a ku Magodi, anabweletsa galimoto yawo yomwe inkatentha injini ikangoyenda pang'onopang'ono. Ndi galimoto imeneyo ankathamangitsila amayi oyembekezela kuchipatala chachikulu. Ndinatsuka ladiyeta, thanki ya madzi ozizilitsa injini, ndinasintha chotsekela chake ndi mapaipi awili, n'kuwauza kuti yachila. Patapita masiku atatu inawila panjila ya fumbi, muli mtsikana woyembekezela amene matenda ake anali atayamba. Anthu anamufikitsa kuchipatala pa ngolo ya ng'ombe. Mwana anabadwa bwino, koma ine manyazi anandigwila mpaka ndinatseka galaja. Ndinapemphela kuti, Ambuye, ngati ntchito yanga yatha, mundipatse mtima wovomeleza.

Sabata yotsatila amayi Phili anafika kunyumba kwanga. Ndinkayembekezela mawu owawa, koma anakhala patsogolo panga, n'kumalankhula mosathamanga kuti ndione milomo yawo.

“Adada, ndinaona kale kuti simukumva bwino. Si tchimo ayi.”

Anatulutsa kamakina kowelengela zovuta za galimoto, komwe anabweleka kwa mlongo wawo ku Chipata. Tinakalumikiza pansi pa chiwongolelo cha galimoto yawo ija, yomwe anabwela nayo, ndipo pa kagalasi ka kamakinako panatuluka nambala yakuti P0480. Anayang'ana pafoni n'kundionetsa tanthauzo lake: magetsi opita ku fani yozizilitsa ladiyeta ali ndi vuto. Ndinasiya injini ikulila mpaka itatentha, maso ali pa fani. Sinazungulile. Kale ndikanadziwa pongomva kuti yakhala chete. Ndinatsata mawaya mpaka ndinapeza kabokosi koyatsa fani katapsa mkati. Nditaika kena, fani inazungulila, mphepo yake n'kundiomba kumaso, ndipo misozi inangotsika.

Madzulo ake ndinamuuza mkazi wanga zonse. Anaseka pang'ono, nati anadziwa chaka chatha, ankangodikila kuti ndinene ndekha.

Lelo galaja ndi yotsegula, ndipo ndikuphunzila manambala amenewa limodzilimodzi. Ndikuyamika Mulungu ponditumizila munthu yemwe ndinamulakwila kuti andidzutse. Inu amene mukubisa chofooka chanu, musataye mtima, ndipo musaope kuchinena. Alipo amene anachiona kale, koma amakukondanibe.