Galasi Losandutsa Anthu Nkhungu

Pa siteji ya minibasi ku Mwanza, mayi wogulitsa manachesi anasuzumira m'chikwama cha wojambula zithunzi amene ankadikira ya ku Blantyre.

"Achimwene, kamera imodzi magalasi awiri, bwanji?"

"Lalifupili limatola aliyense, mayi, ngakhale galu wongodutsa. Lalitalili limaonetsa akwati okha, kumbuyo konse kumasanduka nkhungu."

"Ndiye labwino ndi liti?"

"Zimatengera ukwati wake. Loweruka ku Thambani, mkazi woyamba wa mkwati anadzaima kumbuyo ndi ana ake, akulira. Mkwati atanditsina khutu, ndinangosintha galasi. Pachithunzipo palibe angamuzindikire."

"Ee, galasi lanulo ndi lamphamvudi, mpaka eni akenu simukundizindikira. Gulaniko manachesi, achimwene. Nkhungu zija ndazisiya kunyumba, sizinadye."