Funso loyamba la Agnesi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kulikonse kumene mukuwerengera mawu awa. Ine ndine bambo ake a Agnesi, mlimi wa fodya kuno kufupi ndi Chisemphere. Sindinazolowere kulemba zinthu zazitali, koma zimene Mulungu wachita m'nyumba mwanga sizikundilola kukhala chete. Ndinakhala ndi mwana wanga zaka khumi ndi zitatu pakhomo limodzi, osauzana naye kanthu ngakhale kamodzi.

Agnesi anabadwa bwinobwino. Ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi ingapo anadwala malungo aakulu, ndipo atachira tinaona kuti ukamuitana satembenuka. Kuchipatala anatiuza kuti sadzamvanso. Timawu tochepa timene anali atayamba kutchula tinazimirira. Amene ankamvana naye anali mayi ake okha. Anali ndi tizizindikiro tawo ta manja, ka madzi, ka njala, ka kugona. Ine sindinavutike n'kutiphunzira. Ndinkati zimenezo n'za azimayi, ine yanga ndi ya kumunda.

Mkazi wangayo kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera kuno ali mtsikana, makolo ake ali matenanti pa esiteti ina, ndipo makolowo atabwerera kwawo iye anatsala ndi ine. Agnesi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake anadwala mwadzidzidzi m'nyengo yothyola fodya. Ndinawanyamula panjinga mpaka pamphambano pamene pamaima matola, mlongo wanga akubwera pambuyo ndi mwanayo. Ife tinakwera galimoto, mwana n'kutsala ndi azakhali ake. Patapita masiku anayi mkazi wanga anamwalira kuchipatala ku Boma. Abale ake anati maliro akaikidwe kwawo, choncho tinanyamukira kuchipatala komweko. Agnesi sanaone bokosi, sanaone manda. Nditabwerako anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kumbuyo kwanga. Ndikanamuuza bwanji? Ndinangomusisita mutu n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo anayamba kupita kumphambano kuja. Kukacha ankasesa, kutunga madzi, kenako osaonekanso. Ukamufuna unkamupeza atakhala pachitsa m'mbali mwa msewu, akuimirira galimoto ikaima, akukhalanso pansi ikachoka. Dzuwa, mvula, chimodzimodzi. Anthu anayamba kunena kuti kuwonjezera pa makutuwo, mutu nawonso sukuyenda bwino. Dzina lake linaiwalika, ankangoti Gonthi wa pamphambano. Kusukulu ndinamupititsa sabata ziwiri zokha. Anzake ankamugenda, ndipo aphunzitsi anandiuza mosabisa kuti sakudziwa momwe angamuphunzitsire.

Apa ndiulule tchimo langa, chifukwa umboni wobisa zina suthandiza munthu. Ndinamukwapula mwana ameneyu kambirimbiri kuti asiye kupita kumsewu. Atayamba kukula ndinachita mantha ndi amuna a m'malole amene amadutsa pamenepo, ndipo tsiku lina ndinamumanga mwendo ndi chingwe cha mabelo pansanamira ya chigafa, ine ndikusoka fodya pafupi naye. Sanalire. Ankangondiyang'ana tsiku lonse. Madzulo nditamumasula, anayenda motsimphina kulunjika kumphambano komweko. Ine Lamulungu lililonse ndinali m'tchalitchi, ndikuimba nawo, koma mumtima ndinali nditaleka kumupempherera. Ndinkaona ngati Mulungu anandipatsa katundu basi.

Zaka ziwiri zapitazo, m'nyengo yotumiza mabelo ku okushoni, Agnesi anasowa. Masana sanabwere kudzadya, pachitsa paja panalibe munthu. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamphambanopo anandiuza kuti anamuona akuthamangira galimoto imene munakwera mzimayi wina wachilendo, n'kudziponya kumbuyo kwake. Galimotoyo sankaidziwa, ndipo sankakumbukira bwino kumene inalowera. Ndinakanena kupolisi. Ine ndi akhristu anzanga a mphakati wathu tinayenda m'midzi, m'maesiteti, mpaka kusuzumira m'zitsime za kudambo. Tsiku loyamba linatha, lachiwiri linatha.

Tsiku lachitatu masana ndinabwerera kunyumba. Ndinalowa m'chigafa, chimene panthawiyo chinali chopanda fodya, n'kugwada pafumbi pafupi ndi nsanamira imene ndinamumangapo. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, “Ambuye, mwana uyu sangatchule dzina lake, sangatchule mudzi wake. Ngakhale akumane ndi munthu wabwino, amuuza chiyani? Ine ndinalephera kumulankhulira. Mulankhulireni Inu.”

Ndisanasanse n'komwe fumbi m'mawondo, ndinamva belu la njinga pabwalo. Anali wapampando wa mphakati wathu, thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja. Pafoniyo panali chithunzi chimene chinkayenda m'magulu a mipingo. Anali Agnesi, atavala diresi losakhala lake, atagwira kapu. Pansi pake analemba kuti mwanayu ali m'manja abwino kufupi ndi Nkhamenya, amene akumudziwa aimbe.

Zimene ndinakaona kumeneko sindidzaziiwala. Kuseri kwa sukulu ina ya pulayimale kunali nyumba ya zipinda zitatu, imene bungwe lina lachifundo linamangira ana osamva. Pakhonde panali ana oposa khumi. Palibe ankatulutsa mawu, koma manja awo anali kalikiliki, nkhope zikusinthasintha, wina akuseka mpaka kugwa chagada, awiri akuoneka kuti akukangana kwambiri. Ine ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa. Moyo wanga wonse ndinkaganiza kuti mwana wanga ndi yekhayo padziko lapansi. Ndipo pakati pawo panali Agnesi, maso ali mwaa, akutsatira dzanja lililonse ngati munthu waludzu amene waona madzi.

Anandilandira anthu awiri. Woyamba anali a Mvula, wogwira ntchito m'bungwelo, amene amamva komanso amadziwa chinenero chamanja. Wachiwiri anali Mayi Chirwa, mphunzitsi wa anawo. Nditawapatsa moni sanayankhe ndi pakamwa, ndipo a Mvula anandiuza kuti mayiwa anabadwa osamva. Ndinawayang'ana kawiri. Munthu wosamva, koma mphunzitsi, wapabanja, wa ana atatu, wolemba pabolodi bwino kuposa ine! Ndiwo anamupeza Agnesi pamsika tsiku lomwe anasowalo, anthu atamuzungulira, aliyense akumufunsa mokuwa ngati kukuwako kungatsegule makutu. Iwo anangoona mmene maso ake ankathamangira pamilomo ya anthuwo, n'kudziwa. Anamugwira dzanja, kukamudyetsa, kukanena kupolisi ya kumeneko, a Mvula n'kujambula chithunzi chija.

Taganizani, abale. Pa misika yonse imene galimoto ija ikanamutsitsa, pa anthu onse amene akanamutola, anagwera m'manja mwa munthu mmodzi yekhayo amene akanamumvetsa. Ndipo pamene ine ndinkagwada m'chigafa, yankho linali litanyamuka kale panjinga.

Mayi Chirwa analankhula ndi manja, a Mvula akumasulira. “Bambo, mwana wanuyu si wamisala. Nzeru ali nazo, nkhani ali nazo zambiri. Chimene alibe ndi chinenero. Mutisiyire.”

Ndinati ine ndine wosauka, sukulu yogonera komweko sindingaithe. A Mvula anati chakudya, pogona, yunifolomu ndi makope zonse ndi za bungwe. “Koma kwa inu tikufuna chinthu chimodzi,” anatero. “Loweruka lililonse muzibwera kudzaphunzira nanunso. Tikaphunzitsa mwana yekha, akabwerera kunyumba akakhalanso yekhayekha.”

Ndinayamba sukulu ndili ndi imvi. Loweruka ndinkapalasa njinga m'mamawa n'kukakhala pabenchi ndi makolo anzanga, ambiri azimayi. Zala zanga n'zolimba ndi khasu, zakuda ndi utomoni wa fodya, ndipo sizinkamvera. Ndikafuna kunena kuti madzi ndinkanena zina, ana n'kuseka mpaka misozi. Koma Agnesi ankathamanga. Mayi Chirwa anandiuza kuti tsiku limene anazindikira kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina, anazungulira sukulu yonse akugwira khoma, mtengo, chidebe, nkhuku, akufunsa kuti ichi n'chiyani, nanga ichi. Pomaliza anadziloza pachifuwa. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu sankadziwa kuti ndi Agnesi.

Patapita miyezi ngati isanu ndi itatu, Loweruka lina titaweruka Mayi Chirwa anandiuza kuti nditsale. Tinakhala m'kalasi anthu anayi, ine, iwo, a Mvula ndi Agnesi. Anati mwanayu ali ndi funso limene wakhala akulikonzekera, ndipo akufuna afunse ine. Agnesi anaima patsogolo panga n'kukweza manja. Anachita pang'onopang'ono kuti ndimve, ndipo ndinamva popanda womasulira.

“Amayi abwera liti?”

Iye anapitiriza, a Mvula akundithandiza pamene ndinkasochera. Anati tsiku lija pamphambano, tikuwakweza mayi ake m'galimoto, iwo anamuyang'ana n'kutsitsa chikhato kawiri. Kanali kachizindikiro kawo kakuti khala pompano, ndikubwera. Ndiye anakhala. Zaka zisanu ndi ziwiri, mwana amene tinkamuti wamisala anali kungomvera mayi ake. Mzimayi amene anamuthamangira uja anali atavala chitenje chofanana ndi chimene mayi ake anafunda tsiku limenelo.

A Mvula anakweza manja kuti amuyankhe m'malo mwanga, koma Mayi Chirwa anawagwira mkono. “Ayi. Amuuze ndi bambo ake.” Anandionetsa chizindikiro chimodzi chimene ndinali ndisanaphunzire. Ndiye ndi zala zanga zolimbazo ndinati: amayi, anadwala, anamwalira, kalekale.

Analira ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo kuchokera pakhosi pake. Maliro amene ife tinalira n'kuiwala, kwa iye anali a tsiku lomwelo. Atatonthola pang'ono anandifunsa ngati ine ndinkadziwa nthawi yonseyi. Ndinavomera. Anafunsa chifukwa chimene sindinamuuzire. Ndinati sindinkadziwa kulankhula naye, komanso sindinayese. Ndinagwada pasimenti n'kumupepesa za ndodo, za chingwe, za zonse. Iye anatembenuka n'kutuluka panja.

Musaganize kuti zinatha tsiku lomwelo. Masabata atatu otsatira ndikafika ankandithawa. Ndinkaphunzira, n'kupalasa njinga kubwerera osamupatsa n'komwe moni, mtima uli pyoo. Mayi Chirwa ankangonditsimikizira kuti ndisaleke kubwera. Loweruka lachinayi ndinamupeza ataima pachipata. Anagwira chiwongolero cha njinga yanga, kenako n'kunena ndi manja kuti, “Mukandionetse pamene agona.”

Sukulu itatsekera tinapita ku Ntcheu. Amalume ake anatiperekeza kumanda. Agnesi anazula udzu wonse pamandapo ndi manja, n'kukhala pansi, n'kuyamba kulankhula. Analankhula nthawi yaitali, nthawi zina akulira, nthawi zina akumwetulira. Ndikanatha kumva zina mwa zimene ankanena, koma ndinayang'ana kumbali, chifukwa inali nkhani ya iye ndi mayi ake. Pobwerera m'basi anagona paphewa panga. Chibadwire anali asanachitepo zimenezo.

Anthu a bungwewo sanathere pa mwana wanga yekha. Anabwera kumudzi kwathu n'kusonkhanitsa anthu pabwalo la tchalitchi. A Mvula anafotokoza kuti mwana wolumala ali ndi ufulu wa sukulu ngati wina aliyense, ndipo kumutsekera m'nyumba kapena kumumanga ndi mlandu. Ine ndinaimirira n'kunena pamaso pa onse kuti womanga mwanayo ndine. Kenako Agnesi anapita kutsogolo, n'kulemba dzina lake ndi choko pachitseko, n'kuuza anthu nkhani yake, a Mvula akumasulira. Ena mwa amene ankamutchula dzina lonyoza lija anaweramitsa mitu, azimayi akupukuta misozi ndi zitenje. Msonkhano usanathe, mabanja awiri anabwera kudzanong'oneza a Mvula kuti nawonso ali ndi ana otere kunyumba. Mmodzi mwa anawo ine ndinali ndisanamuonepo, chonsecho kwawo n'kutsidya kwa dambo lathu lomweli. Lero onse awiri ali pasukulu.

Anthu amene amapereka thandizo kubungwe limeneli sindikuwadziwa, ndipo mwina sitidzaonana pansi pano. Kulikonse kumene muli, Mulungu akudalitseni. Mwina mumaganiza kuti munagula njerwa ndi makope. Dziwani kuti munandipatsa mwana wanga amene ndinali naye koma ndisakumudziwa. Mayi Chirwa ndi a Mvula, Ambuye akusungeni ndi mabanja anu.

Kwa inu makolo anzanga amene muli ndi mwana amene anthu amuweruza kale, musatope, ndipo musachite manyazi. Mutulutseni, funsani, gogodani pamakomo, pempherani ngakhale pemphero lanu likhale la mawu ochepa. Musadikire kuti asowe kaye ngati mmene ndinachitira ine.

Agnesi tsopano amawerenga, amalemba, ndipo akuti akufuna kudzakhala mphunzitsi. Akabwera kutchuthi amandidzudzula kuti manja anga amalankhula ngati a mwana wakhanda. Sabata yatha tikuchokera kutchalitchi anandiimitsa panjira n'kundifunsa kuti, popeza anthu onse amapemphera ndi pakamwa, kodi Mulungu amamva manja? Ine sindine katekisiti, ndipo zizindikiro zimene ndikudziwa n'zochepa. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo, n'kumuyankha ndi zomwe ndili nazozo: “Amamva. Anayamba ndi Iye kukumva, ine ndisanakumve.”

Dzina lake lilemekezeke. Amen.