Bulu wa Mdatchi

Tandiuzani, ndi bulu wanji amene amatuluka m'kamwa mwa munthu wothokoza? Mwagonja? Tcherani khutu pa siteji ya basi ku Benidorm, m'dziko la Spain, pomwe mdala wina, Eusebio, ankadzitama kwa mayi wosamudziwa.

"Mayi, kalelo Adatchi atangoyamba kudzawothera dzuwa kuno, womasulira ndinali ine. Chingerezi, Chidatchi, Chisipanishi, kungolakatula! Masiku okoma aja."

"Okoma zedi, bambo. Ine ndinkagulitsa malalanje kugombe. Kunkabwera Mdatchi wina wamtali, wamanyazi, mtima wanga n'kumangoti phaphapha. Tsiku lina ndinampatsa lalanje la basela, iye amvekere, 'danku'."

"Ndiye?"

"Kamwamuna kena kodzichemerera kanandiuza kuti mawuwo ndi 'donki' wa Chingerezi, wanditukwana kuti bulu. Mdatchiyo ndinamugenda nalo lalanjelo pamphuno. Sanabwerenso. Ndadzamva imvi zili mbuu kuti pa Chidatchi n'zikomo."

"Pamphuno ayi, mayi, linamupeza padiso..."

"Mwadziwa bwanji? Iii, anthuni, bulu amene anandidyera ukwati uja ndi uyu, akudikira basi!"

Siteji yonse inafa nacho chikhakhali, Eusebio n'kukwera basi yosakhala yake.