Theka la Pansi

Patatha chaka mkazi wanga Sophia atamwalira, mng'ono wake Evelina anabwera kwathu ku Lawrence, kuno ku America, kuchokera ku South Bend kudzagawa katundu wa malemu. Zitenje ndi nsapato zinalowa bwinobwino m'makatoni opita ku Dedza, mpaka pamene anapeza botolo m'wodiropu, litakulungidwa m'duku loyera la Mvano.

"Alamu! Ichi n'chiyani?"

"Vinyo."

"Maso ndili nawo. Akutani m'duku la achemwali anga?"

"Akugona."

Analiyandikiza kumaso. "Zin-fan-del. Ndi dzina la mwini wake?"

"La mphesa."

"Kaya. Akadzukira m'sinki."

Anauyamba wa kukhitchini. Ndinaima pakhomo.

"Tinagula ku California," ndinatero. "Pa kamunda ka banja lina. Mipesa yake anabzala ndi agogo a agogo awo."

"Mpaka lero sanazule? Ulesi! Kwathu nthochi ikabala timadula."

"Mpesa wokalamba umabala pang'ono, koma zokoma. Sophia ankati uli ngati ine."

"Pang'ono n'zoonadi. Mwana mmodzi yekha, Chifundo basi."

"Ankanena zoyankhula."

"Mpesa umayankhula?"

Ndinatambasula manja, n'kutseka khomo lonse.

"Tapatukani, alamu. Ndadiraiva mtunda wonsewu, mawa ndili pa shifiti."

"Tinapangana. Tidzatsegula tikadzakalamba ngati mipesayo."

"Ili ndi zaka zingati?"

"Zopitirira handiredi."

"Ndi BP yanuyo? Ine ndine nesi, alamu. Simufika."

"Ndidikira."

Anaika botolo patebulo, nagwira m'chiuno.

"Chabwino, tilongosole. Botololi ndi la ndani? Ngati ndi lanu, inu ndinu mkulu wa mpingo, abusa amva Lamulungu lomweli. Ngati ndi la malemu, ndi katundu wogawa, ndipo mbale wawo kuno ku America ndine ndekha. Changa ndithira komwe ndifuna."

"Ndi lathu. Awiri."

"Ehee! Ndiye theka ndi la achemwali, kutanthauza langa."

"Eya."

"Mwavomera?"

"La pansi."

"Aa, bwanji la pansi?"

"Anali wamfupi."

Anayang'ana botolo, nayang'ana chithunzi cha ukwati wathu pakhoma.

"Ufupi anali nawodi," anatero. "Ndiye tsegulani, nditenge langa."

"Langa lili pamwamba. Sinditsegula."

"Nanga langalo lituluka bwanji?"

"Kaya."

"Ndiboola kunsi!"

"Langa litsatira. Mukhala mwataya katundu wa munthu wamoyo."

"Ndilowetsa sirinji. Ndili nayo m'galimoto."

"Idzera mwanga."

Anapuma mwamphamvu. Kenako nkhope yake inawala. Anatenga botolo nalizondotsa.

"Onani! Tsopano la pansi lili kukamwa!"

"Mwasakaniza za amoyo ndi za malemu."

"Mayo ine!" Analiimika msangamsanga ndi manja awiri, nalisisita. "Pepani achemwali, pepani. Alamu, zikhazikika?"

"Mukalisiya."

Anakhala pampando. Tonse tinaliyang'ana. Ndinatenga duku lija n'kulipinda monga ankalipindira mwini wake. Linali likununkhirabe mafuta ake a m'tsitsi.

"Nanga kumudzi ndikawauza chiyani?" anafunsa motsitsa mawu. "Azakhali anati chilichonse cha mwana wawo chigawidwe, pasatsale ngakhale singano. Chikatsala, mzimu sugona."

"Muwauze kuti tagawa."

"Koma sindinalandire!"

"Lilipo. Palibe akulikhudza."

"Ndinyamule ndikasunge kwanga."

"Munyamula ndi langa lomwe. Ndiye kuba."

"Ine Evelina kuba? Mayi wa Mvano?"

"N'chifukwa chake ndikukuchenjezani."

Anaimirira, nazungulira tebulo, nawerama kuyang'ana botolo cham'munsi ngati akuona mwana wodwala. Kenako analowa m'khitchini. Ndinamva madirowa akutseguka ndi kutsekeka. Anatuluka ndi tambula imodzi ndi chotsegulira vinyo chomwe Sophia anagula tsiku lomwe tinagula botololo, chikadali m'pepala lake.

Anaziika patsogolo panga. Gwa!

"Yambani."

"Chiyani?"

"Tsegulani. Tambula imodzi lero, ina mawa. Ndibwera Loweruka kudzaona pomwe mwafika."

"Ndili ndi BP."

"Ndikuyezani ndekha."

"Abusa?"

"Abusa ndithana nawo."

"Mayi wa Mvano akuuza mkulu wa mpingo kuti amwe?"

"Ndani wati mumwe?" anatero, akundikankhira tambula ija. "Ine ndati muchotse katundu wanu pamwamba pa achemwali anga."