Bokosi Longotalika

Telala wa pakona anayambana ndi mwana wake wamkazi pa nkhani ya kolala ya diresi, mwanayo n'kusiya kuyankha foni. Khomo linangotsala limodzi, kabokosi kolembamo uthenga pa webusaiti ya shopu ya mtsikanayo. Tsono mkuluyo anakhala pafupi ndi makina osokera, magalasi ali pamphuno, mkazi wake ali pa laputopu, poti zala za bambowo zimangodziwa singano.

"Lembani, mayi ake: makolala ako ndi okhota."

Mayi analemba. Telala anatambasula chala n'kudina batani lalikulu la kumanja kwa zilembo za pa laputopupo.

"Zapita!"

"Sizinapite, bambo ake. Mwangotsikira pamzere wina."

"Pamzere? Ine ndiime pamzere kwa mwana wobala ndekha?"

"Si mzere wa anthu, ndi wa mawu."

"Ndiye mawu anga akudikira kumbuyo kwa ndani? Lembani: anakuphunzitsa kugwira sizasi ndine."

Telala anadinanso. Analalata, kudina, kulalata, mpaka mawu oyamba aja anakwera n'kubisala.

"Mwaona? Watenga! Akuwerenga ameneyo."

"Angokwera m'mwamba. Ndikakoka pakonapa, bokosili litalika."

"Iyayi, musakoke, mung'amba! Ndi za eni ake izi."

Anapinda manja kudikira yankho, koma kunali zii. Mtima unayamba kumuwawa, pakuti ukali wonsewo kunali kumusowa mwanayo basi.

"Wakwiya," anatero chapansipansi. "Lembani kuti makina ake ndimawathirabe mafuta. Ayi... lembani kuti ndakusowa, mwanawe. Ubwere."

Anavula magalasi n'kutembenukira kukhoma, ati akuwapukuta. Anawapukuta nthawi yaitali ndithu.

"Wayankha?"

"Ayankha bwanji? Uthengawu ukadali momwemu. Batani lotumizira ndi ili lobiriwira pansipa."

Telala anatong'ola maso. "Ndiye kuti sanaone zoti ndagonja?"

"Sanaone."

"Eya! Mwayi wanga. Zichoke pamaso panga zimenezo, msanga!"

Mayi anadina lobiriwira lija. Bokosi linayera mbee.

"Zachoka."

"Zapita kuti?"

"Kwa mwana. Mwati zichoke, kolowera simunanene."

Telala anagwira mutu. "Mayo ine! Ndi za makolala zomwe? Basitu, sadzapondanso pakhomo pano!"

Pomwepo foni inayamba kulira m'thumba la malaya ake, pakati pa tepi ndi choko. Anaisolola, ndipo dzina linali la mwana uja.

"Yankhani, musaope," anatero mayi akutseka laputopu. "Za makolalazo munalimbikira nokha kuti zapita. Ndiye mmene mumapukuta magalasi muja ndinazifufuta, kuopa kukusandutsani wabodza."