Mayi wa m'vidiyo uja ndinamupeza pamaliro ake

Abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine amake Mwila, ndimakhala ku Chelstone ndipo ndimagulitsa tomato kumsika wa Soweto. Ndikufuna ndikuuzeni mmene shuga inatsala pang'ono kunditengera mwamuna wanga, ba Chanda. Umboni uwu ndilibe mphamvu younenera ndi nthungululu, chifukwa chipulumutso chathu chinadzera pakhomo pamene ena ankalira.

Ba Chanda anakhala ndi shuga zaka zingapo, akumwa mankhwala a kukiliniki ndi kuyendetsa minibasi yawo bwinobwino. Tsiku lina pagulu la pafoni la madalaivala panafika vidiyo. Munali mayi wina wovala duku lachikasu, wa mpata pakati pa mano, akumwetulira. Ankati madokotala amabisa choonadi, iye anataya mankhwala onse, ndipo anachira ndi madzi owiritsa a masamba a gwafa, adyo ndi ndimu. Mwamuna wanga, amene sakhulupirira ngakhale kondakitala wake, anamukhulupirira mayiyo pomwepo.

Khitchini yanga inayamba kununkha adyo, mtengo wa gwafa wa aneba unatsala nthambi zokha. Ndikalankhula, ankanditulutsira foni.

"Bana Mwila, osanivuta," anatero tsiku lina. "Si mwaona mweka uyu mzimai apola? Ine sinizamwa futi vamankhwala vija."

Miyezi inapita. Munthu anayamba kuwonda, lamba anaboola kawiri. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, maso anayamba kuchita chifunga mpaka anasiya kuyendetsa. Kenako pachala chachikulu cha kuphazi panatuluka kabala kakang'ono, kosapola, kakumada tsiku ndi tsiku. Iwo ankati ndi matenda akutuluka. Ndinapempha achimwene awo a ku Emmasdale kuti adzawalankhule, koma nawonso ataonera vidiyo ija anabwerera kwawo atanyamula masamba m'pepala. Ndinakwiya, ndinalira, ndinasala kudya. Kumsika sindinauze munthu, ndinkaopa kusanduka nkhani. Pemphero langa linafika pokhala lalifupi: Ambuye, ine sandimvera, tumizani wina.

Pafupi ndi ine pamsika pamakhala ba Esnart, ogulitsa anyezi. Anali atasowa kwa nthawi, akudwazika mng'ono wawo ku Kabwata, ndipo m'mawa wina tinamva kuti wamwalira. Mwambo wathu amayi apamsika, mnzathu akaferedwa timafunditsa malonda ndi masaka, timavala chitenje chofanana, timanyamula kabichi ndi makala n'kupita tonse. Kunena zoona sindinafune kupita, mtima unali kunyumba. Ndinapita chifukwa cha manyazi chabe.

Titafika, azibambo anali panja mu tenti, ife tinalowa m'nyumba ndi nyimbo n'kukhala pansi. Nditakweza maso ndinaona chithunzi cha malemu patebulo, pakati pa maluwa. Duku lachikasu. Mpata pakati pa mano. Nkhope imene ndinkaiona tsiku ndi tsiku m'manja mwa mwamuna wanga. Nyimbo inandithera pakamwa, ndipo ndinalira moti anzanga anadabwa kuti malemuyo ndinamudziwira kuti.

Pambuyo pake, tikutsuka mapoto kuseri, ndinakokera ba Esnart pambali ndi kuwauza zonse. Anakhala pansi pamwala. Anandiuza kuti mng'ono wawo Loveness sanali wabodza, ankakhulupiriradi kuti wachira, chifukwa masabata oyamba ankamva bwino, ndipo ndi pamene anajambula vidiyoyo. Atayamba kudwala anabisa, anachita manyazi kubwerera kukiliniki, ndipo pomwe ankamutengera kuchipatala impso zinali zitawonongeka. Ali pabedi anawapempha kuti afufute vidiyoyo. Anaifufutadi pafoni yake, koma inali itafika kale kumafoni amene sadzawadziwa.

Abale, mayi ameneyu, ba Esnart, anali asanaike m'manda mng'ono wake. Koma anamanga chitenje, ananyamula chithunzi chija patebulo, anauza azakhali ake kuti abwera, ndipo tinakwera basi ya ku Chelstone. Anapeza ba Chanda pakhonde, phazi lili pampando, kapu ya madzi a gwafa pambali. Anawaikira chithunzicho pamiyendo.

"Ba Chanda, uyu ni mufana wanga," anatero. "Mailo timushika kumanda. Ngati mufuna, bwelani mukamuone mu bokosi mwamene anapolela."

Mwamuna wanga anayang'ana chithunzi, anayang'ana foni, anayang'ananso chithunzi. Kenako anati chapansipansi, "Bana Mwila, nipaseni jekete." Madzulo omwewo anawagoneka kuchipatala. Chala chija sanathe kuchipulumutsa, anachidula, koma adokotala anati tikanachedwa pang'ono ukanapita mwendo, mwina ndi moyo womwe. Ndinawafunsa za masamba aja. Anandifotokozera modekha kuti shuga siitha ndi chakumwa chilichonse, imangosamalidwa, ndipo munthu akhoza kumva bwino pamene mkati mukuwonongeka.

Lero ba Chanda amayenda motsimphina, koma abwerera pachiwongolero, ndipo mankhwala amamwa okha osawakumbutsa. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kapemphero kanga kakafupi. Ndikuthokoza ba Esnart, amene anasiya maliro awo kuti atseke anga. Koma sindingavine, chifukwa ana awiri a Loveness alibe mayi, ndipo ndikawaona pamsika Loweruka akuthandiza kusankha anyezi, mtima umandiwawa.

Inu amene muli ndi wodwala wouma mutu m'nyumba, musatope, pempherani ndipo lankhulanibe. Chikakufikirani pafoni chonena za thanzi, musanatumize kwa wina funsani: walankhulayu ndi ndani, anajambula liti, lero ali kuti? Pitani nacho kukiliniki mukafunse, kufunsa sikuchepetsa chikhulupiriro.

Sabata yatha vidiyo ija inafikanso pafoni yanga, yotumizidwa ndi mayi wa kutchalitchi kwathu, atalembapo kuti gawirani ena apulumuke. Loveness anali momwemo, duku lachikasu, akumwetulira, akunena kuti wachira. Ndinamuimbira mayi wa kutchalitchi uja nthawi yomweyo. Ndinamuuza kuti ndikudziwa pamene pali manda a mayi wa m'vidiyoyo, ndipo ngati akufuna, ndimuperekeza. Ambuye akusungeni nonse.